"Kwathu sadziwa, bola ziwale": mawu amenewa akutiphera geni ya makapu

Ma admin pepani, post iyi italika. Amene mwangobwera kudzafunsa kuti randi ili pa zingati lero, dutsani, tikumana mawa. Ndikufuna ndiyankhule ndi anzanga amene timaoda ziwiya zadothi kuno ku Joni n'kumatumiza kumudzi, komanso akuluakulu a mathiraki amene mumatinyamulira katundu.

Sabata yatha mayi wina anadandaula muno kuti anatumiza maseti a tiyi sikisi kuchokera ku Germiston, ku Limbe kukafika awiri okha amoyo. Gulu lonse linagwera dalaivala, ena mpaka kufunsa nambala ya thiraki kuti amuyalutse. Chapakati pa ma comment bambo wina analemba kuti: "Chemwali, musamadzivutitse ndi zodula, tengani zotchipa zagolide zija. Kwathu sadziwa kusiyanitsa, bola ziwale." Anthu anaseka, ma like anagwa ngati matalala. Ine sindinaseke. Mawu amenewa ndi chipongwe kwa anthu amene ndalama zawo timalipirira lendi kuno, ndipo ndi amene akuchititsa kuti geni ya makapu izioneka ngati ya akuba.

Sindikudziyeretsa ayi. Ndakhala ku East Rand nthawi yaitali, ndinayambira ku Primrose, pano ndili ku Kempton Park, ndipo nanenso ndinayamba ndi nzeru yomweyo. Ulendo wina ndinatenga makatoni a maseti ojambulidwa zinjoka zagolide pa shopu ina ya ma China: tipoti, makapu sikisi ndi masosala, zonse mu bokosi lofiira lansalu yonyezimira mkati. Anatha mwezi usanathe, ambiri ogula anali a bridal shower ndi a maukwati. Seti imodzi ndinapatsa azakhali anga ku Chirimba. Nditapita pa Khirisimasi ndinapeza golide wa m'milomo mwa makapu watha, tipoti ikamathira tiyi akutsikira pa thebulo, kapu ina mkati ili ndi ming'alu yakuda ngati ukonde wa kangaude. Azakhali sanandikalipire. Anangoti, "Mwanangu, izi tizingoziona mu display, tiyi tizimwera m'makapu athu akale aja." Ndiye mundiuze kuti kwathu sadziwa? Amadziwa bwinobwino. Amangotisungira ulemu, kenako n'kusiya kutigula mwakachetechete.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa, poti safunsa anadya phula. Ndinapita ku Cyrildene, mumsewu wa Derrick, kumene ma China eniake amagula zakudya ndi ziwiya zawo. Kuchokera ku Bedfordview kapena ku Edenvale ndi pafupi. Ndinaona kuti zimene iwo amamwera tiyi ndi zimene ife timadzaza m'makatoni n'zosiyana kutalitali. Zawo zambiri ndi zoyera, zopyapyala, maluwa pang'ono kapena osakhalapo n'komwe. Zathu ndi golide waphokoso uja.

Choyamba, tisiye kunena kuti chilichonse cha ku China ndi fong kong. Amene amatero pa nkhani ya makapu amangoonetsa kuti katundu wake samudziwa. Porcelain anayambira komweko. Mzinda wa Jingdezhen, m'chigawo cha Jiangxi, wakhala ukuumba ziwiya zimenezi zaka zoposa 1,000. Ku Dehua, m'chigawo cha Fujian, amadziwika ndi zoyera ngati mkaka. Ku Chaozhou, ku Guangdong, kuli mafakitale ambiri a mbale ndi makapu a tsiku ndi tsiku. Azungu anavutika zaka zambirimbiri kufuna kudziwa chinsinsi chake, mpaka fakitale ya Meissen ku Germany inatsegulidwa mu 1710. Dziko la China limapanga giredi iliyonse, yapamwamba ndi yapansi, ndipo kontena imene imatsika ku Durban n'kukwera N3 kubwera ku City Deep imanyamula zimene wooda wapempha. Ngati m'mashopu mwadzaza zopepera, n'chifukwa choti ife timazigula mofulumira. Kaya mumaoda ku Dragon City, ku Crown Mines kapena m'ma mall a kuno ku East Rand, magiredi onse alipo. Ife tikalowa timayamba n'kufunsa kuti, "Chotchipa kwambiri n'chiti?"

Chachiwiri, kwathu chilichonse chosweka timangoti "chadothi", koma zadothi zili m'magulu atatu, ndipo ndalama yanu ili pamenepa. Gulu lapansi ndi dothi wamba lowotchedwa pa moto wochepa, cha m'ma digiri 1,000 kapena 1,100. Mkati mwake muli timabowo, limamwa madzi, limabenthuka msanga, ndipo chimene chimalipangitsa kuoneka lokongola ndi chigalasi chopaka pamwamba chija, chimene amati glaze. Gulu lachiwiri ndi stoneware, lolemera, lolimba, losamwa madzi kwenikweni. Amene munagwirako makapu a ku Dedza Pottery mukudziwa kulemera kwake. Gulu lachitatu ndiye porcelain. Amaumba ndi dothi loyera lotchedwa kaolin losakaniza ndi mwala wopera, n'kuwotcha mu ng'anjo pa madigiri pafupifupi 1,300, mpaka dothi limagwirana ngati galasi. Chifukwa chake kapu ya porcelain imatha kukhala yopyapyala koma yolimba, simwa madzi, sisunga fungo la tiyi wa dzulo. Maseti ambiri a mu bokosi lofiira amene timawatchula "porcelain" pa status ndi a gulu lapansi lija, anangovekedwa suti.

Kusiyanitsa sikufuna sukulu. Pemphani kuti akutsegulireni bokosi limodzi musanalipire. Akakana, tulukani, shopu si imodzi.

Yatsani tochi ya foni, ikani mkati mwa kapu. Porcelain wopyapyala amaonetsa kuwala kunja, makamaka cha kumlomo. Wokhuthala wa m'mahotela amaonetsa pang'ono chabe, koma dothi wamba silionetsa n'komwe.

Ikani kapu padzanja lotambasula, igogodeni ndi chikhadabo kapena bolopeni. Yabwino imalira "ngwii" motalika ngati belu. Ikangoti "gu", ndi dothi lapansi kapena ili ndi mng'alu umene maso sakuuona. Yoteroyo singafike ku Musina.

Tembenuzani kapu muone pansi, pa mkombero umene sanapake glaze. Porcelain amakhala woyera, wosalala. Mukaona pachikasu kapena pokhakhala ngati choko, dontheziranipo madzi. Akalowa n'kusiya banga, kapuyo izimwanso tiyi wanu, ndipo ming'alu yakuda ya kwa azakhali anga ija imayamba choncho.

Tipoti muiyese ndi madzi a m'botolo lanu lomwe. Thirani mwachangu, kenako imitsani. Ngati madzi akutsetsereka pa mlomo kupita pansi, ndi tipoti yonyowetsa nsalu ya pa thebulo ya kasitomala wanu. Chivundikiro chisamagwedere, chikhale ndi kabowo kolowera mpweya, ndipo mkati, pamene mlomo umayambira, pakhale timabowo tosefa masamba.

Pomaliza, yendetsani chala pa maluwa. Ngati mukuwamva kuti atukuka, anamatidwa pamwamba pa glaze. Ngati chala chikungotsetsereka, ali pansi pa glaze, ngati zoyera za maluwa a buluu zija, ndipo amenewo safufutika.

Pa maluwa omata pamwambawa m'pamene ndikufuna amene anaseka aja andimvetsere. Utoto wina wa ziwiya zotchipa, makamaka wofiira, wachikasu ndi wa olenji wowala kwambiri, umatha kukhala ndi mtovu kapena cadmium. Chiwiya chikapanda kuwotchedwa bwino, zinthu zotentha ndi zowawasa, monga tiyi wa mandimu, zimasungunula poizoni ameneyu pang'onopang'ono n'kulowa m'thupi. Bungwe la WHO limanena kuti mtovu ulibe mlingo umene tinganene kuti ndi wabwinobwino m'thupi, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana. Sindikuti kapu iliyonse yamaluwa ili ndi mtovu. Vuto n'lakuti ndi maso simungadziwe, ndiye njira yathu ndi kupewa. Musatenge kapu yojambulidwa mkati kapena pa mlomo pomwe munthu amamwera. Werengani pansi pa bokosi, chifukwa ena amalemba poyera kuti chiwiyacho ndi chokongoletsera basi, chosayenera chakudya. Ndaonapo anthu akumatula ka sitika kameneka asanatumize. Achimwene, amene adzamwere m'kapu imeneyo ndi mwana wa mlongo wanu. Ndipo muziwauza makasitomala kuti kapu ya mkombero wagolide salowetsa mu microwave, imathetheka moto.

Bodza lina ndi la "antique". Pansi pa matipoti ambiri pali chidindo chofiira kapena cha buluu cha zilembo za Chitchaina. Zina mwa zidindozi zimatchula dzina la ulamuliro wa mfumu Qianlong, imene inalamula m'zaka za m'ma 1700. Mafakitale amadindabe zimenezi pa katundu watsopano ngati chokongoletsera. Ndiye wina akajambula chidindo n'kulemba pa Facebook kuti "tipoti ya mafumu, ya zaka 300". Amwene, dziko la China limaletsa kutulutsa zinthu zakale zopangidwa chaka cha 1911 chisanafike. Inu mukuti tipoti ya mfumu inabwera mu kontena, khumi ndi ziwiri m'katoni imodzi, n'kudzakhala pa shelefu ku Boksburg pafupi ndi ma charger a foni? Gulitsani monga tipoti yatsopano yokongola, mtengo wake ulipo. Kasitomala amene mwamunamiza akakumana ndi wodziwa, sadzatukwana inu nokha, adzatukwana onse a ku Joni.

Tsopano funso limene sitidzifunsa: ziwiyazi ntchito yake n'chiyani? Ambiri munaonapo kambale kokhala ndi chivundikiro ndi kasosala pansi, kopanda chogwirira. Ena amakagulitsa ngati mbale ya shuga. Dzina lake ndi gaiwan, ndipo ndi kofululira tiyi. Kamalowa madzi pafupifupi mamililita 100 mpaka 150. Mumaikamo masamba athunthu, cha m'ma galamu 5, kuthira madzi otentha, kudikira masekondi 10 kapena 20, kupendeketsa chivundikiro pang'ono kuti chigwire masamba, n'kukhuthulira mu kajagi kakang'ono. Kuchokera mu kajagi ndiye mumagawa m'timakapu tating'ono tija, kuti aliyense alandire tiyi wofanana mphamvu. Masamba omwewo mumathiranso madzi kasanu kapena kuposa, ndipo kakomedwe kamasintha ulendo uliwonse. Tiyi wobiriwira amafuna madzi oziziritsa pang'ono, cha m'ma digiri 80, apo ayi amawawa. Wakuda ndi oolong amafuna owira. Mulibe mkaka, mulibe shuga. Amakonda porcelain woyera pa ntchito imeneyi chifukwa sasunga fungo, ndipo mtundu wa tiyi umaoneka bwino. Matipoti ang'onoang'ono ofiirira osapaka glaze aja ndi a ku Yixing. Amenewo si porcelain, amamwa fungo la tiyi, n'chifukwa chake eniake amasunga tipoti imodzi ya mtundu umodzi wa tiyi.

Ndiye taganizani. Mwatenga seti ya timakapu tolowa masupuni atatu, mwakagulitsa kwa mayi wa ku Ndirande amene m'mawa amaphika tiyi wa mkaka wa banja la anthu asanu ndi awiri, womwera mbatata kapena chigumu. Atani nayo? Masamba a m'paketi amene timagwiritsa ntchito kwathu ndi oduladula tizidutswa ting'onoting'ono, mu gaiwan amangodutsa pa mpata wa chivundikiro. Seti ija ikakhala mu display mpaka mphemvu zitaikiramo mazira. Mayi ameneyu akufunika tipoti ya lita imodzi yothira bwino, sefa, ndi makapu ogwirira olowa mamililita 200 kapena 250, oyera kapena a maluwa a pansi pa glaze. Zimenezi zilipo za porcelain weniweni, ndipo kawirikawiri mtengo wake susiyana kwambiri ndi za bokosi lofiira, chifukwa pa zofiirazo mumalipiranso bokosi ndi nsalu.

Kodi ndiye kuti gaiwan ilibe msika kwathu? Ulipo, waung'ono koma wa ndalama, kungoti sitinaufunefune. Tisaiwale kuti ndife dziko la tiyi. Ku Mulanje anayamba kulima tiyi wogulitsa cha m'ma 1891. Ku Limbe kuli okushoni ya tiyi. South Africa yomwe tikukhalayi ndi imodzi mwa maiko amene amagula tiyi wathu wambiri, moti tikamamwa tiyi wa m'matumba ku Tembisa n'kutheka tikumwa thukuta la abale athu a ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, imapanga tiyi wa masamba athunthu: wobiriwira, woyera ndi oolong. Tiyi woteroyo ndi amene gaiwan inapangidwira. Malo ogona alendo, malo omwera khofi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mashopu a mphatso, anthu amene anaphunzira ku China n'kubwerera, onsewa angagule kwa munthu wodziwa kufotokoza ndi kuonetsa kagwiritsidwe kake. Gulani gaiwan imodzi yoyera, muphunzire kuigwira osapsa zala, mujambule kavidiyo. Pamenepo mwasiyana ndi anzanu makumi asanu amene akugulitsa chinjoka chagolide chomwecho pa mtengo womwewo. Koma anthu a dziko limene lalima tiyi zaka zoposa 130 tiziwanena kuti sadziwa kapu, n'zochititsa manyazi.

Tibwerere kwa mayi wa maseti osweka uja, ndi dalaivala amene munamudya wamoyo. Kuchokera ku Wadeville kapena Jet Park kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700. Katundu adutsa Polokwane, Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, mpaka Mwanza, kapena akhotere ku Dedza. Panjira pali maenje, mahampu, kutentha kwa ku Tete, ndipo pa boda iliyonse katundu atha kutsitsidwa pa sechi n'kukwezedwanso ndi anyamata amene sadziwa kuti m'katoni muli chiyani. Bokosi lofiira lija anapangira pa shelefu, la pamsewu ayi. Mkati makapu amagwedera. Inu mwangolikulunga ndi tepi, mwaliponya mu thumba la China limodzi ndi mabulangete ndi nsapato, mwauza dalaivala kuti "ndi zovala" pothawa mtengo wa katundu wosweka. Iye waika mawilo a galimoto pamwamba. Walakwa ndani?

Kulongedza kwake n'kotere. Tulutsani chilichonse m'bokosi la ku shopu, mabokosiwo muwapinde muwatumize padera. Kapu iliyonse ikulungidwe payokha, pepala lina mkati, chogwirira chikulungidwe kawiri. Chivundikiro cha tipoti chisayende chili pa tipoti, ndipo mlomo wa tipoti muuveke kachidutswa ka katoni. Masosala ndi mbale aziima chammbali, pepala pakati, osawasanjika chogona. Gwiritsani katoni yokhuthala, pansi ndi m'mbali mukhale zofewa zokwana zala zitatu. Mukatseka igwedezeni, mukamva chilichonse chikuyenda tsegulani muwonjezere mapepala. Kenako katoniyo ilowe mu katoni ina yokulirapo. Lembani mbali zonse kuti ndi zosweka, ndi muvi woloza kumwamba. Werengani zinthu pamodzi ndi dalaivala kapena runner, jambulani zithunzi, ndipo mugwirizane pa WhatsApp musanakweze kuti zikasweka alipira ndani, zingati.

Nanunso akuluakulu a pamsewu, ulemu wanu, koma mumvereko. Mukalandira ndalama ya katundu wosweka, muikeni malo a katundu wosweka. Katoni ya makapu siikhala pansi pa matumba a sopo kapena kumapeto kwenikweni kwa ngolo kumene kumadumpha kwambiri, ndipo lamba womangira asadutse pakati pake. Ikakhala yolongedza mwachibwana, ikaneni pa depoti pomwepo, kapena muuze mwini wake poyera kuti mukunyamula koma zikasweka n'zake. Kukangana ku Germiston kuli bwino kusiyana ndi kuyalutsana muno katundu atafika ku Limbe.

Pa boda palinso bodza limene limazungulira muno mwezi ndi mwezi, lakuti chilichonse chogula ku South Africa chimalowa kwathu pa msonkho wotsika wa SADC. Ayi. SADC imayang'ana kumene katundu anapangidwa, osati kumene munamugula. Tipoti yolembedwa kuti inapangidwa ku China ndi ya ku China, ngakhale mwaigula ku Benoni, ndipo a MRA ku Mwanza kapena ku Dedza adzaiwerengera choncho. Kumatula sitika sikuisandutsa ya ku Joni, kumangokuikani pa mlandu. Ziwiya za pa thebulo za porcelain zili ndi nambala yake m'buku la kasitomu, 6911, pomwe zadothi zina zili pa 6912. Funsani kwa clearing agent wanu kuti msonkho wonse ukhala zingati musanagule, osati katundu ali kale pa boda. Pemphani lisiti yeniyeni yolemba dzina la shopu, mtundu wa katundu ndi mtengo. Kapepala kolemba pamanja kuti "kitchen" sikadzakuthandizani akadzakuikirani mtengo wawo. Ndipo dziwani ichi: transport ndi msonkho mumalipira pa katoni yonse. Theka likasweka, kapena makasitomala akabweza, ndalama zimenezo sizibwerera. Chotchipa chija chakudyerani kawiri.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Ena muti anthu kwathu alibe ndalama, kwacha yagwa, ndani angagule porcelain. Zoona, zinthu zavuta. Koma munthu wosauka ndi amene safunika kugula kapu kawiri. Ngati ndalama yake ndi yochepa, mugulitseni makapu anayi abwino m'malo mwa seti ya zinthu khumi ndi zisanu zimene zitha chaka chisanathe. Kapena mugulitseni makapu achitsulo, a galasi, mumuuze zoona kuti ndi chiyani. Kugulitsa chotchipa si mlandu. Mlandu ndi kuchitchula dzina limene si lake.

Ena muti kasitomala yekha amafuna zowala, pa bridal shower mphatso imafunika ioneke. Chabwino, mpatseni, koma muikireni ziwiri patsogolo, muyatse tochi ija aone yekha, mugogode amve yekha, mumuuze kuti iyi ndi ya mu display, iyi ndi yomwera. Ine chiyambireni kutero, ambiri amasankha yomwera, ndipo amabweranso ndi anzawo a ku mpingo ndi a ku banki m'khonde. Amene asankhabe yowala wasankha akudziwa, sadzandiimbira foni yotukwana. Anthu amafuna zowala chifukwa kwa zaka zambiri ife tawaonetsa zowala zokhazokha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo mkuyuwo timanyamula ndife.

Enanso muti ndikuphunzitsa anthu kuti atilande msika. Msika wake uti? Wogulitsa kamodzi kwa munthu aliyense n'kumathawa foni yake? Masiku ano anthu kwathu akuoda okha ku China, ena akupita ku Dar es Salaam. Chimene chingatisungire makasitomala ife a ku Joni ndi chakuti katundu timamuona ndi maso, timamugwira, tingathe kumuyesa tisanatumize. Tikataya mwayi umenewu, tatsala ndi chiyani?

Madalaivala, mukamadutsa Musina, chakumadzulo kwake kuli Mapungubwe, kumene ofukula zakale anapeza zidutswa za ziwiya za ku China za zaka pafupifupi 700 zapitazo. Mukafika ku Masvingo mwayandikira Great Zimbabwe, nakonso anazipeza. Kwathu komwe, ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la a Kalonga a Maravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza zidutswa za porcelain wa ku China pamodzi ndi mikanda yagalasi, mkuwa ndi minyanga. Ziwiya zimenezo zinawoloka nyanja, zinayenda pamitu ya anthu kuchokera ku gombe, popanda thiraki, popanda tepi, n'kufika kwa eni ake. Geni imene tikuchitayi inayamba kalekale, ndipo makolo athu ankalandira katundu weniweni. Lero zidzukulu zawo tizituma dothi lopaka golide n'kumati sadziwa?

Pempho langa ndi ili. Amene mukupita kukaoda sabata ino, tengani foni ya tochi ndi botolo la madzi, muyese musanalipire. Pa status lembani dzina loona la katundu. Longedzani ngati mukutumiza kwa mayi anu okubalani. Ma admin, munthu akabwera kudzayalutsa dalaivala pa nkhani ya zosweka, ayambe waonetsa chithunzi cha mmene analongedzera. Ndipo bambo amene munalemba kuti kwathu sadziwa, sindikudana nanu, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikakhala ku Kempton Park Loweruka lililonse, bwerani ndi kapu yanu yagolide, ine nditulutsa yanga yoyera ndi masamba a ku Thyolo, tiyatse tochi, timwe tiyi. Amene mukutsutsa, ma comment ali pansipa, koma mubwere ndi chithunzi cha pansi pa kapu yanu.